Sola yotchipa pa WhatsApp: lipoti la kalondolondo wa mitengo ku Chikwawa ndi Nsanje

Lipotili likunena za kalondolondo amene tinachita pofuna kudziwa momwe anthu akugulitsira katundu wa kampani yathu pa Facebook ndi pa WhatsApp kuno ku chigwa cha Shire: chithunzi chomwe amaika, mawu omwe amalemba pansi pake ndi mtengo womwe amatchula. Ine ndimayang'anira maejenti a kampaniyi kuyambira pa Thabwa mpaka ku Marka, tsidya lino ndi tsidya la kum'mawa lomwe. Dzina la kampani ndi mayina a ogulitsa sindiwatchula, chifukwa ambiri mwa iwo tikugwirabe nawo ntchito.

Katundu wake ndi sola ya m'nyumba yobwera m'katoni imodzi: panelo ya mawati 10, kabokosi kokhala ndi batire, mababu atatu ndi mawaya ake, wailesi yaing'ono, tochi ndi chingwe chotchajira foni. Munthu akhoza kugula kashi, kapena kupereka dipoziti n'kumalipira pang'onopang'ono pa Airtel Money kapena pa TNM Mpamba. Akalipira, pafoni pake pamabwera tokeni, manambala omwe amadina pa kabokosi kaja kuti kayake masiku amene walipirira. Akasiya kulipira kamadzitseka. Akamaliza ngongole yonse kamatseguka mpaka kalekale. Kagulitsidwe kameneka mukagwire bwino, chifukwa zambiri za m'lipotili zagona pamenepo.

Dandaulo la maejenti

Malonda a sola anakwera kwambiri kuchigwa kuno kuyambira mu Januwale 2022, namondwe wa Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira, ndipo ngakhale nyumba za pa Nchalo ndi pa Boma zomwe zili ndi magetsi a ESCOM zinayamba kufuna nyali yodalirika. Mu Malichi 2023 kunabwera namondwe wa Freddy, anthu ambiri n'kusamuka, katundu wa m'nyumba n'kupita ndi madzi. Aliyense amene anali ndi kampamba ndi foni ya intaneti anaona kuti sola ndi bizinesi. Kenako mu Novembala 2023 kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, dola imodzi kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Chinthu chomwe kunja chimagulidwa madola 20 chinachoka pa K23,600 kufika pa K34,000 usiku umodzi, thiransipoti isanalowepo. Kampani inakweza mitengo, monga anachitira onse oitanitsa katundu kunja.

Madandaulo anayamba patangopita milungu yochepa. Ejenti wathu wina wa pa Ngabu, mayi wachikulire amene wakhala nafe kuyambira pachiyambi, anandiimbira foni ali wokwiya. "Bwana, ine ndatopa kutukwanidwa. Munthu akubwera pashopu foni ili m'manja, n'kundionetsa sola yomweyi pa mtengo wosafika ndi theka la umene mwandipatsa inu. Akuti ndine wakuba. Ndiziyankha chiyani?" A pa Nchalo, pa Dyeratu ndi pa Bangula ankanena zofanana. Akuluakulu ku Blantyre anaganiza kuti pali maejenti ena omwe akugwetsa mtengo dala kuti alande makasitomala a anzawo, ndipo anandipempha mndandanda wa mayina kuti awatsekere katundu. Ndinapempha kuti tiyambe taona kaye chomwe chikugulitsidwa.

Momwe tinalondolera

Anzathu a m'mayiko akunja akamanena za kulondola mitengo pa intaneti, amanena za mapulogalamu a pakompyuta omwe amayendera masamba a masitolo akuluakulu n'kumatola mitengo okha. Kuno zimenezo sizigwira. Sitolo ya pa intaneti ku Nsanje ndi sitetasi ya WhatsApp ya mnyamata wokonza mafoni, gulu la WhatsApp la amayi a banki ya m'mudzi, kapena gulu la Facebook la ogula ndi kugulitsa. Sitetasi imafufutika pakatha maola 24, ndipo simungaione pokhapokha nonse awiri mutasungana manambala. Pa Facebook ambiri salemba n'komwe mtengo, amangoti "bwerani ku inbox". Ndiye kalondolondo wake ndi wa maso ndi miyendo.

Tinapempha maejenti onse kuti akaona katundu wathu akutsatsidwa paliponse, ajambule sikirini n'kunditumizira nthawi yomweyo, tsiku ndi ola zikuoneka pamwamba. Tinkawabwezera ndalama ya bandulo mwezi ukatha. Ine ndi mnzanga wina wa mu ofesi tinalowa m'magulu omwe aliyense amaloledwa kulowa, ndipo kumene kunali kofunika kupempha, tinkauza adimini kuti ndife a kampani. Malonda ambiri amaikidwa madzulo anthu ataweruka, ndipo amachuluka kumapeto kwa mwezi pomwe ogwira ntchito m'minda ya nzimbe ku Nchalo alandira, komanso nyengo yogulitsa thonje ndi chitowe. Masiku amenewo ndiwo tinkakhala tcheru kwambiri.

Chithunzi chilichonse chinkalowa m'kaundula wa pa Excel. Kupatula tsiku, dera ndi mtengo, tinaika mafunso omwe pambuyo pake anaoneka kuti ndi ofunika kuposa mtengowo: chithunzichi ndi cha kampani kapena wajambula yekha? Katunduyo ali naye m'manja? M'katoni muli chiyani? Mtengowu ndi wa kashi kapena dipoziti? Thiransipoti alipira ndani? Manambala a mafoni a ogulitsa tinkawasunga pa tsamba lina lotsekedwa, ndipo m'kaundula wopita ku Blantyre aliyense ankadziwika ndi chilembo ndi nambala basi. Lamulo loteteza zinsinsi za anthu la 2024 litabwera, linatipeza tikuchita kale zimenezo.

Kumene mtengo unali wotsika modabwitsa, tinkagula. Wina wosadziwika kuderalo ankalankhula ndi wogulitsa ngati kasitomala wamba, n'kutumiza ndalama pafoni. Nthawi zambiri wogulitsa amanena kuti "muonjezere yotapira", kutanthauza kandalama komwe amadulidwa potapa kwa ejenti wa Airtel Money kapena Mpamba, kenako katoni imapatsidwa kwa kondakitala wa minibasi kapena wakabaza, amene nayenso amafuna yake pofika. Zonsezi tinkaziwonkhetsa pa mtengo, chifukwa ndi ndalama imene imatuluka m'thumba la wogula. Katoni ikafika tinkaitsegula pamaso pa anthu awiri, kujambula zonse zili m'katimo, n'kufufuza siriyo nambala ya kabokosi pa kompyuta ya kampani.

Dipoziti yosanduka mtengo

Malonda ambiri "otchipa" omwe anakwiyitsa mayi a pa Ngabu aja sanali otchipa ayi. Munthu ankaika chithunzi cha sola yathu, pansi pake n'kulemba dipoziti yokha, osanena kuti ndi dipoziti. Wowerenga ali ku Miseu Folo kapena ku Tengani amaona ndalamayo n'kuganiza kuti ndi mtengo wa katoni yonse. Zili ngati kuuza munthu pa msika wa ziweto kuti ng'ombe iyi mtengo wake ndi uwu, pomwe mukunena mtengo wa chingwe chake.

Ena ankachita dala, poti nambala yaing'ono imakoka anthu ku inbox, ndipo munthu akafika kumeneko amayamba kumunyengerera. Koma ambiri omwe ndinakhala nawo pansi sankaona cholakwika chilichonse. Mnyamata wina wa pa Bangula anandiuza mosabisa kuti, "Achimwene, ndalama imene ine ndimalandira m'manja ndi imeneyo. Zinazo amalipira ku kampani, si zanga." Kwa iye mtengo wa malonda ake unalidi dipoziti. Ndipo tikanena zoona, zithunzi zomwe ofesi inkatumiza kwa maejenti nthawi imeneyo zinali ndi dipoziti m'zilembo zikuluzikulu, ndalama zolipira pa sabata zili m'mawu apansi pa uthenga. Chithunzi chikasungidwa m'foni n'kuikidwanso pa sitetasi, mawu apansi aja amatsala m'mbuyo. Chimayenda chokha kuchoka foni iyi kupita foni iyo, ndipo pofika kwa munthu wachisanu palibe amene akukumbukira kuti panali mawu ena.

Kuipa kwa zimenezi sikuthera pa ejenti wotukwanidwa. Munthu amene walowa ngongole asakudziwa kukula kwake ndi amene amasiya kulipira mwezi wachiwiri, kabokosi n'kudzitseka, iye n'kuyamba kuuza mudzi wonse kuti sola za kampani yakutiyakuti zimafa msanga. Titayang'ana pa kompyuta, tinaona kuti makasitomala obwera kudzera m'malonda a dipoziti yokha ndi omwe ankatsogola kusiya kulipira.

Pambali pa izi panali zithunzi zakale, za mitengo ya kwacha isanagwe. Zina zinali za mu 2022, kwacha isanachepetsedwe ndi 25 peresenti mu Meyi chaka chimenecho. Panalibe tsiku pa zithunzizo, ndiye zinkaoneka zatsopano nthawi zonse. Ukafunsa, wogulitsa amati, "Aaa, umenewo ndi wakale, panopa zinakwera."

Apa m'pomwe tinazindikira kuchuluka kwa madobadoba. Anthu ambiri otsatsa katundu wathu analibe ngakhale katoni imodzi. Amaika chithunzi, wina akafuna amalandira ndalama, n'kuthamangira kwa ejenti weniweni kukagula, n'kuikapo kake pamwamba. Mtengo wotsika wa pa sitetasi ndi nyambo chabe, weniweni umatuluka ku inbox ndipo kawirikawiri umaposa wa pashopu.

Za m'katoni

Gawo lomwe linandidetsa nkhawa kwambiri ndi la makatoni otsegulidwa. Tinagula sola ina yotsatsidwa pa gulu la Facebook pa mtengo wa kashi wotsikirapo ndithu, koma osati wokayikitsa kwambiri. Chithunzi chinali cha kampani, zonse zikuoneka zili m'malo mwake. Katoni inafika pa siteji ya Nchalo itamangidwa bwino ndi tepi yoonekera m'kati. Titatsegula, kabokosi ka batire kanali kathu, siriyo nambala yake yolondola, mababu athu. Wailesi ndi tochi munalibe. Panelo inali yaing'ono, chimango chake chopyapyala, ndipo kumbuyo kwake chomata cholembapo mawati chinali chitakandidwa ndi chinthu chakuthwa, patatsala guluu wokhawokha wogwira fumbi. Waya wake anali wodulidwa n'kulumikizidwa ku pulagi yathu ndi tepi yakuda. Titaiyeza ndi mita padzuwa la masana, inkatulutsa mphamvu yofanana ndi panelo ya mawati 5.

Masamu ake ndi osavuta. Kuno dzuwa lamphamvu lotchajira limakhala pafupifupi maola 5 pa tsiku. Panelo ya mawati 10 imadzaza batire yathu pofika madzulo, ya mawati 5 imalowetsa theka lokha. Banja limayatsa mababu atatu, kutchaja mafoni awiri, ndipo ana asanamalize kuwerenga nyumba yada. Batire yomwe tsiku ndi tsiku ikuphwa osadzaza imatopanso msanga. Wogula sadziwa kuti panelo inasinthidwa. Iye amaona dzina la kampani pa kabokosi, ndipo dzina limenelo ndi lomwe amalitukwana.

Panelo yeniyeni ija siitayika. Imagulitsidwa payokha kwa anthu otchajitsa mafoni kapena a mashopu ometa, wailesi payokha, tochi payokha, ndipo zonse zikawonkhetsedwa wogulitsa amapeza zochuluka kuposa akanagulitsa katoni yathunthu. Titalondola siriyo nambala tinapeza kuti makatoni oterewa ankachokera kwa maejenti ochepa kwambiri, ndipo sanali iwo otsegula. Ankagulitsa makatoni angapo nthawi imodzi kwa munthu wopikula, osafunsa kumene akupita nawo, poti kashi ndi kashi. Mndandanda wa "ogwetsa mtengo" umene akuluakulu ankafuna ukanakola mayi wosalakwa woika chithunzi chakale, n'kusiya wopikula uja, chifukwa mtengo wake sunali wotsikitsitsa m'kaundula.

Panalinso makatoni athunthu koma okhalitsa. Mu Okutobala ndi Novembala kutentha kwa ku Ngabu ndi ku Nsanje kumadutsa madigiri 40, ndipo m'shopu ya malata yopanda siling'i kumaposa pamenepo. Batire ya lithium ikakhala miyezi yambiri m'ng'anjo yotere, makamaka itaphweratu, imataya mphamvu ndipo sibwereranso. Wogulitsa akaona kuti katundu wagonera amatsitsa mtengo, n'kulemba kuti "yatsopano, ya m'katoni". Sananame, koma wogula akulandira batire yokalamba.

Zotsegula kale

Pali mawu ena omwe ukawaona pa malonda umadziwiratu: "yotsegula kale", "yopanda ngongole", "yosafuna tokeni". Nthawi zina ndi zoona, mwini wake anamaliza kulipira ndipo akugulitsa katundu wake, zomwe palibe angamuletse. Koma zambiri zomwe tinafufuza zinali ndi ngongole pa kompyuta. Mwini wake analephera kulipira, kabokosi kanadzitseka, ndiye anapita nako kwa mmisiri wa mafoni amene anakatsegula n'kuwotcherera kawaya kodumpha loko. Vuto lake n'lakuti kawayako nthawi zambiri kamadumphanso mbali yoteteza batire kuti isadzaze mopyola. Kabokosi kena komwe tinagula ku Nsanje kanali katatupa m'mimba, zomangira zake zitatsala pang'ono kusomoka. Ndi kutentha kwa kuno, chinthu chotere m'nyumba ya udzu ndi ngozi.

Malonda amenewa anachuluka mu 2024. Mvula inavuta chifukwa cha El Niño, ndipo mu Malichi chaka chimenecho Pulezidenti wa nthawi imeneyo, Lazarus Chakwera, analengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi ya njala, Chikwawa ndi Nsanje ali momwemo. Munthu amene mapira ake apserera sangasankhe tokeni kusiya ndowa ya chimanga. Ndikawerenga kaundula wa miyezi imeneyo sindiona akuba ambiri, ndimaona mabanja omwe anagulitsa chomwe chinali ndi mtengo m'nyumba.

Chimodzimodzi tinyali ting'onoting'ono tomwe mabungwe anagawa m'misasa Freddy atadutsa. Tina tinali ta kampani yathu ndipo tinkapezeka pa WhatsApp pa mtengo wa chibwana. Tinazilemba m'kaundula kuti zisasokoneze kawerengedwe kathu, koma sitinalondole aliyense.

Za tsidya lina ndi za kumalire

Si malonda onse omwe anali otsika. Ku Fatima, ku Muona ndi ku Makhanga mitengo inali yokwera kuposa ya pa Bangula, ndipo ku ofesi ena anafuna kuti amenewonso adzudzulidwe. Koma katoni yopita ku Makhanga imawoloka pa bwato pa Mtayamoyo, pomwe msewu unaduka mu 1997, kapena imazungulira njira yaitali ya ku Thabwa yomwe nthawi ya dzinja imavuta. Wakabaza alipidwe, wabwato alipidwe, wakabaza wina tsidya linalo alipidwenso. Titawonkhetsa, phindu la ejenti wa kumeneko linali laling'ono kuposa la mnzake wa m'mbali mwa msewu wa M1.

Chakumalire ku Marka tinapeza katundu wofanana ndi wathu mtundu ndi kapangidwe, makatoni ake olembedwa Chipwitikizi, dzina lake losiyana ndi lathu ndi zilembo ziwiri. Ogulitsa ankatsatsa ndi chithunzi chathu, pobweretsa n'kubweretsa chinacho. Umboni tinaupereka ku likulu la kampani kuti likambirane ndi mabungwe a boma a MBS ndi MERA, omwe amaona za miyezo ya katundu ndi ziphaso za oitanitsa zipangizo za sola. Pamenepo ntchito yanga inathera pa kutumiza makatoni ndi zithunzi.

Zomwe tinagwirizana

Pamsonkhano wa ku Blantyre maganizo oyamba anali oti kampani ikhazikitse mtengo umodzi, aliyense wogulitsa pansi pake achotsedwe. Loya wa kampani anakana. Malamulo a mpikisano pa malonda salola wopanga kapena woitanitsa katundu kukakamiza wogulitsa wodziimira payekha mtengo wogulitsira, ndipo lamulo latsopano lomwe linayamba kugwira ntchito pa 1 Julayi 2024 linapatsa bungwe loona za mpikisano pa malonda la CFTC mphamvu yolipiritsa lokha chindapusa. Kampani ikhoza kulangiza mtengo, koma amene wagula katoni ndi ndalama zake ali ndi ufulu wogulitsa motsika ngati akufuna. Chomwe malamulo omwewo amaletsa ndi kunamiza wogula za chomwe akugula ndi ndalama yomwe alipire. Lamulo la 2016 loona za malonda ndi mauthenga a pa intaneti nalonso limafuna kuti wogulitsa adzionetse kuti ndi ndani ndiponso anene mtengo momveka. Ine ndinali nditanena kale kuti mtengo wokha sukutiuza kanthu, ndiye mawu a loya anandipeputsira ntchito. Tinasiya kufunsa kuti ndani akutchipitsa, n'kuyamba kufunsa kuti ndani akuonetsa china n'kupereka china.

Choyamba kusintha chinali chithunzi. Tsopano ofesi imatulutsa chatsopano mwezi uliwonse, ndipo zonse zimalembedwa pa chithunzi penipenipo: mtengo wolangizidwa wa kashi, dipoziti, ndalama ya pa sabata, kuchuluka kwa masabata, ndi ndalama yonse ikawonkhetsedwa, m'zilembo zofanana kukula. Pakona pali mwezi ndi chaka, ndi mawu oti mtengowu ukugwira mpaka tsiku lakuti. Zonse za m'katoni zayalidwa chimodzichimodzi, panelo ili ndi muyezo wake wa masentimita kuti munthu athe kuyeza ndi lula ya mwana wa sukulu. Chithunzicho tinachipeputsa kuti chitseguke ngakhale netiweki ili yofooka ndipo chisadye bandulo. Pamodzi nacho pamapita uthenga wa mawu wosakwana mphindi imodzi, wina m'Chichewa wina m'Chisena, chifukwa makasitomala athu ambiri amamva bwino zolankhulidwa kuposa zolembedwa. Uthenga wa Chisena unayenda kwambiri ku Nsanje kuposa china chilichonse chomwe tinatulutsapo.

Maejenti a tsidya la kum'mawa tinawapempha kuti azilemba thiransipoti payokha, mtengo wa katundu pawokha. Mikangano ndi makasitomala inachepa nthawi yomweyo, poti aliyense wa kumeneko amadziwa mtengo wa bwato.

Pa makatoni tinaika chomata chomwe chimang'ambika munthu akatsegula, ndipo panelo nayo inapatsidwa siriyo nambala yogwirizana ndi ya kabokosi. Wogula akhoza kutumiza nambalayo pa SMS asanalipire, n'kulandira yankho lomuuza ngati katunduyo ndi wathu, ngati ali ndi ngongole, ndi mwezi umene anatuluka ku depoti. Waranti imagwira pokhapokha manambala awiriwo agwirizana. Apa m'pomwe kampani ili ndi mphamvu zenizeni, ndipo palibe lamulo lomwe ikuphwanya. Mu mgwirizano wa maejenti tinawonjezeramo kuti wogula makatoni opitirira awiri alembedwe dzina ndi dera, komanso kuti katundu amene wakhala miyezi yambiri pashopu abwezedwe ku depoti akatchajidwe ndi kuyezedwa. Ejenti mmodzi yekha ndi amene tinasiyana naye, titapeza kuti ankadziwa bwino zomwe wopikula wake ankachita ndipo ankagawana naye.

Madobadoba tinawaitana m'malo mowathamangitsa. Anthuwa ali ndi manambala ambiri m'mafoni mwawo kuposa ejenti aliyense, ndipo amadziwa ndani walandira, ndani wagulitsa mbuzi, ndani akumanga nyumba. Amene anavomera amaika chithunzi cha mwezi umenewo osachisintha, amatumiza kasitomala kwa ejenti, ndipo malonda akatheka amalandira komishoni pafoni. Ena anakana, akuti kake ka pamwamba kaja kankaposa komishoni yathu. Mnyamata wa pa Bangula uja anavomera, ndipo panopa ndi iye amene amanditumizira zithunzi zambiri za anthu otsatsa mosokoneza. Amachita zimenezi osati chifukwa chokonda kampani, koma poti akumulanda makasitomala.

Pomwe tafika

Maejenti sakuimbanso foni za kutukwanidwa monga kale. Kasitomala akabwera ndi chithunzi cha mtengo wotsika, amamuonetsa kuti chilibe mwezi pakona, kapena amatumiza limodzi siriyo nambala pa SMS, yankho n'kudzinenera lokha. Makatoni osinthidwa panelo achepa kwambiri pa M1, ngakhale kumadera a kutali monga Chapananga timamvabe za apo ndi apo. Zithunzi zakale sizidzatha, zili m'mafoni ambirimbiri ndipo zimatulukanso mwezi uliwonse ukamatha. Maadimini a magulu ena amachotsa malonda onama tikawapempha, ena amafuna kangachepe, ndipo ife sitipereka. Pabweranso mavidiyo a pa TikTok, pomwe mtengo umatchulidwa pakamwa osalembedwa, moti kuti ulowe m'kaundula wina ayenera kukhala pansi n'kumvetsera. Ntchito imeneyo sitinapeze woigwira.

Nkhani ya zotsegula kale ikadali pomwe inali. SMS imathandiza wogula wochenjera, koma amene akufuna nyali lero pa mtengo wa theka safunsa za ngongole ya munthu wina. Ndinalembera a zachuma maganizo awiri. Oyamba ndi oti alimi a thonje, chitowe ndi mapira aziloledwa kupuma kulipira miyezi ya njala, kuyambira Disembala mpaka Malichi, n'kudzalipira zochuluka akakolola. Achiwiri ndi oti kampani izigulanso kabokosi kwa munthu amene walephereratu, pa mtengo woposa umene mmisiri wa mafoni ndi dobadoba angamupatse, n'kukakonza kuti kagulitsidwenso ndi waranti yaifupi. A zachuma avomera kuyesa maganizo oyambawo ndi makasitomala a ejenti wa pa Ngabu kuyambira dzinja likubwerali. Achiwiriwo akuti adikire bajeti ya chaka cha mawa.